Che Amidu ndi bere la Chinyanga

Dzulo tinali ku sadaka ya Che Amidu, patatha masiku makumi anayi chimwalirireni. Ine si Msilamu, koma anandiitana, ndipo ndinakhala pamkeka wa kumapeto pamodzi ndi anzanga a kumsika. Mapemphero anayenda bwino, mpunga unalinso wokoma. Amene anandionongera zonsezi ndi Yusufu, mwana wa mlongo wawo wa malemuwo. Anatsika basi ya ku Lusaka atavala mkanjo watsopano, foni ataimangirira pakamtengo, n'kuyamba kujambula anthu akudya. Ankalankhula ndi foniyo ndi mawu achisoni, ati amalume ake ndiwo anamuphunzitsa zonse. Ndinaweramitsa mutu, chifukwa ndikanapitiriza kumuyang'ana ndikanachita zochititsa manyazi pamwambo wa eni ake. Foni ya Yusufu ndi imene inalanda Che Amidu mpeni wawo ndi ulemu wawo, ndipo zinachitikira m'shopu yanga, ine ndikuona.

Kwa amene simunawadziwe, Che Amidu anali wozinga ndi wogulitsa nyama pano pa Katete. Anabadwira ku Malawi, koma ndevu zinamera ndi kuyera ali kuno. Butchala yawo inagundana khoma ndi shopu yanga yometera, kuseri kwa msika, ndipo ndikamatsegula m'mawa mpeni unkakhala utayamba kale kulira pamwala wonolera. Sanali munthu wofewa, tisanamizane chifukwa choti apita. Ukaloza nyama yawo mpaka chala kuikhudza, umagula yomweyo. Ukanena kuti nyama yawo ndi yolimba, ankakufunsa zaka za mano ako. Ine ndinakangana nawo kosawerengeka pa nkhani ya ndevu, chifukwa ankafuna ndiziwongola ndi sizasi basi, makina osayandikira, ndipo tsitsi limodzi likapitirira ankandiuza kuti ndikanakhala wozinga bwenzi mbuzi zonse za ku Sinda zitandisumira.

Koma pa chiweto anali munthu wina. Mbuzi yoti izingidwe ankayamba aimwetsa madzi. Mpeni sankaunolera pamene mbuziyo ikuona, ndipo ina ikamazingidwa zinzake ankazimanga kuseri kwa khoma. Anyamata othandiza pamsika ankaseka kuti madala akunyengerera ndiwo. Ndiye chifukwa chake kwa zaka zambiri ng'ombe ya pa Idi kumzikiti inkadikira dzanja lawo. Imeneyo sinali ntchito ya malipiro. Linali tsiku limodzi pachaka limene anthu onse, olemera a mashopu a mumsewu waukulu ndi osauka omwe, ankaima chete kuyang'ana Che Amidu.

Za magemu zinabwera chonchi. Ndinagula tivi ndi makina osewerera magemu kwa munthu wina wa ku Chipata, kuti odikira kumetedwa asamathawire kwa anzanga. Anthu a njinga zamoto ndi oitanira minibasi anakonda kwambiri gemu ina ya munthu wonyamula lupanga, amene amayenda m'nkhalango ndi m'zigwa kupha zilombo zimene palibe anazionapo. Katswiri wa onse anali Yusufu. Ameneyu ndiye anayenera kulowa m'butchala, poti kwa anthu a mtundu wawo, monganso kwathu, mwana wa mlongo ndiye mwana wako weniweni. Koma Yusufu, mwamuna wandevu zake, ankachita nseru akaona magazi. Mbuzi yoyamba imene anamugwiritsa anaisiya ili chigonere n'kuthawa. Che Amidu sankaikamba nkhaniyi, koma inkawadya.

Tsiku lina masana analowa m'shopu mwanga atakwiya, kudzamutenga kuti akathandize kutsitsa nyama. Anaima pakhomo, pakamwa patatseguka kale kuti akalipe, maso n'kugwera pa tivi. Yusufu ankalimbana ndi chilombo chamsana wa mamba olimba ngati fulu.

“Ukumenyeranji pamsana?” anafunsa motero. “Icho mdani wake amachokera kumwamba. Menya pakhosi, pansi pake.”

“Manje mwadziwa bwanji, amalume?”

“Munthu savala chipewa kumapazi. Chavala pamsana chifukwa imfa yake imagwa kuchokera kumwamba. M'dziko limenelo muli mbalame yaikulu kuposa icho, mudzaiona.”

Yusufu anamenya pakhosi, chilombo chinagwa. Patapita masiku atatu anafika paphiri lina m'gemumo, ndipo kunatsika chimbalame chophimba tivi yonse. M'shopu munali phokoso ngati Zambia yagoletsa. Anathamanga kukaitana Che Amidu, iwo anabwera akupukuta manja, anayang'ana, anangoti “Ee,” n'kukhala pansi kumapeto kwa benchi, pafupi ndi chitseko kuti azimva wogula akafika. Malo amenewo anakhala awo kuyambira tsiku limenelo.

Padi, kachipangizo koseweretsa kaja, sanaigwirepo. Ankati dzanja lawo silipha chinthu popanda kutchula dzina la Mulungu, ngakhale chojambula. Ntchito yawo inali kuwerenga zilombo monga ankawerengera ng'ombe pamsika. Ankayamba ndi maso: akakhala kutsogolo, chimenecho chimasaka, akakhala m'mbali, chimasakidwa. Kenako mano, kenako mapazi. Chilombo cha m'phanga chopanda maso koma makutu ngati lichero anati aponyere mwala kutali n'kudutsa mwakachetechete. Chofiira ndi chikasu chowala anati asachikhudze, poti nunkhadala savala zokongola kuti akondedwe. Ankakonda kunena kuti munthu salenga kanthu, amangosoka zigamba za zimene Mulungu analenga kale, ndiye ukadziwa kumene chigamba chilichonse chinachokera wadziwa chovala chonse. Sikuti ankalondola nthawi zonse. Akaphonya, mlandu unkakhala wa wojambula. Panali chilombo china chamimba ngati thanki koma timiyendo ngati ta udzudzu, chimenecho anachitukwana sabata yathunthu, ati amene anachijambula sanagwirepo ngakhale nkhuku.

Wotsutsana nawo wamkulu anali a Sakala, mphunzitsi wa kusekondale amene ndimameta Loweruka lililonse. A Sakala ankati anthu opanga magemu amakhala m'maofesi ozizira kutsidya kwa nyanja, amangojambula chilichonse choopsa kuti agulitse, ndipo Che Amidu akufunafuna nzeru pamene palibe. Che Amidu ankayankha kuti palibe munthu angajambule bondo osadzifunsa kuti lipinda chakuti. Ankakangana mpaka ine kuzimitsa makina kuopa kudula khutu la mphunzitsi. Koma ndikayang'ana pagalasi ndinkaona chinthu china. Che Amidu akamalankhula, maso awo sankakhala pa a Sakala. Ankakhala pa Yusufu, kuona ngati akumvetsera.

Ndidumphe pang'ono, ndikambe za m'mawa wa Idi ya chaka chatha, chifukwa umenewo sunditulukamo m'mutu. Ndinawaona akudutsa pashopu atavala mkanjo woyera, mipeni itatu ataikulunga m'nsalu kukhwapa, akuyenda ngati mkwati. Pasanathe ola limodzi anabwerera, nsalu ili chikulungire. Ndinamva pambuyo pake kuti atafika anapeza ng'ombe itagwetsedwa kale, munthu wina wocheperapo msinkhu ataigwirira mpeni. Mmodzi wa akuluakulu anawatengera pambali n'kuwauza mwaulemu kuti chaka chino apume. Panali alendo ochokera ku Chipata ndi ku Vubwi, ndipo akuluakuluwo sanafune kuti pa nthawi yotchula dzina la Mulungu anthu azigwirana pakamwa kubisa kuseka, kapena kutulutsa mafoni. Sindiwaweruza akuluakulu aja. Anali ataona vidiyo imene tauni yonse inaona.

Vidiyoyo inachokera pa Chinyanga. Limeneli ndi dzina limene anyamata anapatsa chilombo china chimene chimaima powolokera mtsinje m'gemumo, chachikulu ngati lole ya thonje, chanyanga zopindikira pansi, ndipo kunsi kwa mimba yake kuli malo otuwa owala. Aliyense ankafera pamenepo kakhumi asanachigwetse. Onse ankadziwa kuti malo owalawo ndiye pofooka pake, pobaya.

Che Amidu anachiyang'ana masiku awiri. Tsiku lachitatu anati malo owalawo si bala, ndi bere, ndipo chilombocho n'chachikazi, chikuyamwitsa. Anthu anaseka. Iwo anapitiriza. Maso ali m'mbali, ziboda n'zogawanika, nyanga zopindikira pansi n'zokankhira, si zobayira. Anatiuza tione mmene chimatembenukira: kaya mlenje abwere chakuti, icho chimaika thupi lake pakati pa iye ndi bango la kumanzere. Anati m'bangomo muli mwana. Anati chimalusa chifukwa munthu amafika lupanga lili pamtunda, ndipo palibe chiweto chimene chimaona mpeni n'kukhala chete. Malangizo awo anali akuti mlenje alowetse lupanga m'chimake, adutse kumanja, ayende pang'onopang'ono, ndipo awoloka popanda kupha.

Mnyamata wina wa njinga yamoto anayesa pomwepo. Analowetsa lupanga, koma mantha atamugwira anathamanga, ndipo Chinyanga chinamuponda ngati phwetekere. M'shopu anthu anagwa nako kuseka, a Sakala mpaka misozi. Che Amidu ankati, “Mwathamanga, mwathamanga,” koma panalibe womva.

Mawa lake Yusufu anabwera nawo m'shopu nthawi imene munalibe anthu, tinali atatu basi. Anawauza kuti akufuna kusunga nzeru zawo m'foni kuti aziphunzira bwino, afotokozenso za Chinyanga kuyambira pachiyambi. Ndikanakonda mukanaona nkhope ya mkulu uja. Anakonza chisoti, anandiuza ndiwapese ndevu. Anafotokoza za maso, za ziboda, za bere. Atafika pa katembenukidwe, Yusufu anati sakumvetsa, amuonetse. Che Amidu, munthu wa imvi, anakwinya mkanjo n'kugwada pansi pa simenti yanga, patsitsi la anthu, nakwawa. Anaonetsa mmene ng'ombe yoyamwitsa imatsekerezera mwana wake, mmene imagwedezera mutu, mpaka kulira kwake analira. Ankachita zimenezo monga malume achitira ndi mwana wa mlongo wake pakhomo, pamene palibe cha manyazi. Atadzuka n'kusasa maondo anandinong'oneza kuti, “A Mwale, mpeni anaukana, koma izi watenga. Ndapeza chomusiyira.”

Patangotha masiku ochepa vidiyo inafika pafoni yanga kuchokera kwa mlamu wanga wa ku Sinda. Za maso ndi ziboda munalibe. Munali mkulu wa chisoti akukwawa ndi kulira ngati ng'ombe, kubwereza katatu, ndi kanyimbo koseketsa pansi pake, ndi mawu olembedwa akuti madala wa ku Katete wapenga ndi magemu.

Apa ndiyenera kunena zanga, ngakhale zikundiwawa. Ndinaseka. Ndinaseka ndisanaganize, kenako ndinazimitsa foni n'kupitiriza kumeta. Anthu anayamba kubwera kudzaona simenti imene anakwawapo, ena n'kumetetsa komweko, ndipo ine ndinakhala chete. Foni ya Che Amidu inali ya mabatani, sakanaiona okha. Akulu amati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ine ndevu zimenezo ndinkazipesa sabata iliyonse, zikupsa, osanena kanthu. Anadzamva kwa munthu wachilendo amene anabwera kudzagula chiwindi n'kuwapempha, akuseka, kuti alireko kamodzi ngati muja.

Anamuimbira foni Yusufu, amene pa nthawiyo anali atapita kale ku Lusaka, ati wapeza ntchito ya zojambulajambula. Ndinamva kudzera pakhoma. Mawu a Che Amidu sanakwere. Anangofunsa kuti, “Ndinakulakwira chiyani, mwana wa mlongo wanga?” Zimene anayankhidwa anandiuza okha pambuyo pake: ati n'zoseketsa chabe, anthu aiwala mawa.

Anthu sanaiwale, ndipo Idi inafika monga ndakambira. Tsiku lotsatira Idiyo analowa m'shopu mwanga n'kukhala pampando wometera. Ndinatenga sizasi. Tinayang'anana pagalasi.

“A Mwale, inu munadziwa liti?”

Ndinawauza zoona.

“Ndipo tinkapatsana moni m'mawa uliwonse.”

Anadikira ndimalize, anathokoza, anatuluka. Sanalowenso m'shopu mwanga. Moni ankandipatsa, nyama ankandigulitsa, koma pabenchi sanakhalenso, ndipo anyamata akawafunsa za chilombo chatsopano ankayankha kuti iwo amadziwa mbuzi basi. Anadwala miyezi ingapo, shuga ndi mtima, ndipo anamwalira mvula itangoyamba. Sindinena kuti vidiyo inawapha. Ndikunena kuti anafa akukhulupirira kuti pa Chinyanga analakwitsa, ndi kuti anakwawa pansi chifukwa cha bodza la mutu wawo.

Sabata yachiwiri atamwalira, m'mawa wina anthu onse ali kuminda, ndinakhala ndekha m'shopu. Ine si wosewera, koma padi ndimaidziwa pang'ono poonera ena. Ndinayatsa gemu, ndinamufikitsa mlenje pamtsinje paja. Ndinalowetsa lupanga m'chimake. Ndinakankha kabatani pang'ono kwambiri, mlenje n'kumayenda ngati wopita kumaliro, mbali ya kumanja. Chinyanga chinadzutsa mutu. Chinapumira m'mphuno, chinapalasa pansi kamodzi, chinasuntha thupi kutsekereza bango. Sindinathamange. Chinandiyang'ana mpaka ndinalowa m'madzi, kenako chinaweramitsa mutu n'kuyamba kudya udzu. Nditafika tsidya linalo ndinatembenuka. Kuchokera kumeneko bango limaoneka chakumbuyo, ndipo m'katimo munagona kamwana, kopanda nyanga, makutu akugwedera.

Ndinalira, sindibisa. Munthu wina kutsidya kwa nyanja anakhala pansi n'kujambula kamwana pamalo pamene pafupifupi aliyense sadzayang'ana, ndipo wozinga mbuzi wa ku Katete anakaona osakaona ndi maso. A Sakala nditawaonetsa Loweruka anavula magalasi, anawapukuta, n'kuyang'ananso.

Ndiye dzulo, anthu atayamba kubalalika, ndinamukokera Yusufu kuseri kwa nyumba. Ndinali nditakonza mawu anga masabata onsewa. Ndinkafuna chimupweteke, adziwe kuti munthu amene anamusandutsa chidole anali wolondola.

“Yusufu, ndinayesa zija za Chinyanga. Amalume ako sananame. Kamwana kalimo m'bango.”

Sanadabwe ngakhale pang'ono. Anamwetulira.

“Niziba, a Mwale. Ninayesa wiki yamene ija, chinasebenza, ninawoloka.”

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Iye anatsegula foni n'kundionetsa vidiyo ina, ya Chizungu, nkhope yake ili pakona, akufotokoza za maso a m'mbali, ziboda zogawanika, bere, bango la kumanzere. Mawu a Che Amidu onse, mwandondomeko yake, osasiyapo limodzi, koma dzina lawo munalibe. Anandiuza monyadira kuti imeneyi ndi imene inamupezetsa ntchito ku Lusaka. Anaiika pa intaneti masiku awiri isanatuluke yokwawa ija.

“Ija yokwawa inali ya kuno, yosekesa chabe,” anatero. “Iyi ni ya banthu ba siriyasi.”

“Nanga bwanji sunawauze kuti analondola?”

Anakweza mapewa. “Imwe mubaziba amalume. Nikanabauza, sembe anauza Katete yonse kuti ni nzeru zawo.”

Chaka ndi miyezi, mkulu uja ankadutsa pamsika mutu uli pansi, anabwerera ndi mipeni yake ili chikulungire, anagona m'chipatala, ndipo munthu mmodzi yekha amene akanawamasula ndi mawu awiri pafoni ankadziwa. Ine ndinakhala chete chifukwa cha mantha ndi dyera, ndipo ndidzafa nalo limenelo. Koma iye anawagwaditsa pansi akudziwa chimene akufuna, anatenga nzeru n'kupita nazo ku Lusaka, kuno n'kutisiyira kukwawa. Anandipempha ndiime naye ajambule chithunzi cha anzawo a malemu. Ndinachoka osatsanzika eni nyumba, ndipo ndidzapita kukapepesa mawa.

Lero ndatsegula shopu monga mwa masiku onse. Kuseri kwa khoma kulibe cholira. Butchala ndi yotseka, koma ukasuzumira pawaya wa pazenera umaona zitsulo zokolekapo nyama zili lende, ndi chitsa chodulirapo chimene chinakumbika pakati ngati mtondo. Mwala wonolera uli panja pomwe ankausiya, madzi a mvula adikha pamene mpeni unadya. Akuti mwini nyumba akufuna kubwereketsa kwa munthu wogulitsa makava a mafoni.

M'shopu mwanga anyamata akupitiriza kupha Chinyanga. Ndinawaonetsa njira ya kumanja, anati n'zoona, koma nyanga yake imapatsa mlenje lupanga lamphamvu, ndiye amabayabe pabere. Chikagwa amakuwa n'kuwombana m'manja. Phokoso likatsika, m'tivimo mumamveka kulira kwakung'ono kuchokera kumanzere, kumene kale ndinkayesa mbalame ya m'madzi. Kumapeto kwa benchi, pafupi ndi chitseko, thabwa linachita kusalala ndi kuda pamene ankakhala. Anthu amakhalapo akadzaza, sindiwaletsa. Koma kamwana kaja kakamalira ndimapezeka ndayang'ana pamenepo, sizasi ili m'manja, ndipo pamakhala munthu wina amene akuyang'ana foni yake.